Mwambi wa Chingerezi uja woti kutalikirana kumakulitsa chikondi unachokera kuti?

NaBanda_waMponela: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita makamaka kwa inu odziwa Chingerezi. Bambo a kunyumba kwanga ali ku Cape Town, mwezi wamawa akwanitsa zaka zitatu asanabwereko. Lamlungu lapitali tinasemphana mawu pafoni chifukwa ndinawafunsa kuti abwera liti. Mwana wathu wachiwiri wayamba Sitandade 1 chaka chino, bambo ake amangowadziwira pachithunzi. Atadula foni anandilembera pa WhatsApp mawu awa okha: "Absence makes the heart grow fonder." Ndinawamvapo kusekondale koma sindinawalabadire. Tsopano andisowetsa tulo. Kwenikweni amatanthauza chiyani? Anawayamba ndani? Nanga ndi oona? Chifukwa wangawu mtima ukungotopa.

Chisomo265: Achemwali, akutanthauza kuti munthu ukatalikirana ndi wokondedwa wako m'pamene chikondi chimakula. Akukuuzani kuti akukusowani.

Mjomba_waMangochi: Ameneyo ndi Shakespeare. Tinaphunzira ku Fomu 3.

Mphunzitsi_Wopuma: Amjomba, pepani, Shakespeare sanalembe mawu amenewa. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndipo ana ambiri ankandiyankha choncho, poti mwambi uliwonse wa Chingerezi womveka bwino anthu amangomupatsa iyeyo.

Amene anautchukitsa m'mawu amene tikuwadziwa lerowa ndi Thomas Haynes Bayly, Mngelezi wopeka nyimbo, wobadwira ku Bath mu 1797. Anamwalira mu 1839 ali ndi zaka 41 zokha. Mawuwa ali m'nyimbo yake yotchedwa "Isle of Beauty", ndipo nyimboyo ili m'buku la nyimbo ndi ndakatulo zake limene mkazi wake wamasiye anatulutsa mu 1844.

Mayi NaBanda, chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Nyimboyo sinena za mwamuna ndi mkazi wake ayi. Woyimbayo ali m'chombo panyanja, dzuwa likulowa, chilumba chimene wachokako chikuzimiririka kutali. Akupempha mdima kuti uyambe wadikira, chifukwa akudziwa kuti kukacha sachionanso. Chakumapeto akuti angapereke chilichonse kuti akayendenso kumene kukukhala anzake akale, ndipo pomwepo m'pamene pakubwera mzere umene anakulemberani abambowo, kenako n'kutsanzika chilumbacho. Ndiye kuti pachiyambi anali mawu a munthu wopita, wopukwa kwawo ndi anzake. Anthu a pambuyo pake ndi amene anawatengera ku nkhani za chibwenzi ndi banja.

Mjomba_waMangochi: Zikomo aphunzitsi, ndalandira. Safunsa anadya phula.

NaBanda_waMponela: Aphunzitsi, ndiye kuti ndi mawu a wopita, osati a wotsala?

Mphunzitsi_Wopuma: M'nyimboyo ndi choncho, mayi. Za anthu otsala pachilumbapo, kaya iwo mitima yawo ikukula kapena ikutopa, woyimbayo sakunenapo mawu amenewa. Akunena za mtima wake.

Tadala_Leeds: Apa pandikhudza. Ine ndine wopita. Ndikugwira ntchito ya unamwino kuno ku England chaka chachinayi, ana ndinawasiya ndi amayi ku Zomba. Kunena zoona mwambiwu kwa ine umagwira. Ndili kumudzi amayi ankanditopetsa ndi kulongolola kwawo, ndiwo ukathira mchere wambiri nkhani, ukachedwa kumsika nkhani. Lero ndikaweruka usiku, ndili pabasi, kunja kukuzizira, ndimatsegula mauthenga awo a mawu akale n'kumamvera akukalipira mdzukulu wawo kuti watayira madzi pakhonde. Ndimalira. Kulongolola komwe kuja ndi kumene ndikukusowa. Koma ndikavomereze kuti ine ndimakhala ndi mpata wowasowa. Amayi alibe mpata umenewo, iwo ali ndi ana awiri oti awasambitse, awaphikire, apite nawo kuchipatala. Wopita amanyamula chithunzi, wotsala amanyamula mtolo.

Kondwani_Area25: Ine ndikutsutsa zonsezi. Azungu omwewo ali ndi mwambi wina woti "Out of sight, out of mind", munthu akachoka pamaso wachokanso m'maganizo. Nanga tikhulupirire uti? Ine chibwenzi changa cha zaka zinayi chinatha miyezi isanu ndi umodzi yokha mtsikanayo atapita kukaphunzira kunja. Poyamba foni tsiku lililonse, kenako Loweruka lokha, kenako "ndatanganidwa", kenako ndinangoona zithunzi pa Facebook. Akuluakulu athu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chisomo265: Achimwene Kondwani, mukuwaopseza achemwaliwa. Chibwenzi ndi banja si chimodzi.

Kondwani_Area25: Sindikuwaopseza. Afunsa ngati ndi zoona, ndayankha zimene ndinaona ndi maso anga.

Katekisiti_waDedza: Mwambi wachiwiri umene mwatchulawo, a Kondwani, ine ndimaudziwira kutchalitchi. Ganizo lake lili m'buku la Thomas à Kempis lophunzitsa kutsanzira Khristu. Iyeyu anali wansembe wa m'nyumba ya amonke kufupi ndi Zwolle ku Netherlands, anamwalira mu 1471, ndipo analemba m'Chilatini. Mawuwo ali m'gawo loyamba, mutu 23, pamene akunena za imfa. Akuti lero munthu alipo, mawa saonekanso, ndipo akangochotsedwa pamaso sachedwa kuchokanso m'maganizo. Sankanena za zibwenzi. Ankachenjeza munthu kuti akonze moyo wake lero, asadalire kuti otsala adzamukumbukira nthawi yaitali. Ndimawerenga mutu umenewu kawirikawiri pa maliro, ndipo ndimaona kuti ndi zoona. Sabata yoyamba nyumba yamaliro imadzaza, pakatha miyezi itatu wamasiye ali yekha.

Mphunzitsi_Wopuma: Akatekisiti mwanena zoona, ndipo m'Chingerezi mwambi umenewo ndi wakale kuposa wa Bayly uja. John Heywood anaulemba kale m'mabuku ake a miyambi m'zaka za m'ma 1500.

Koma ganizo loti kutalikirana kumakoleza chikondi nalonso si la dzulo. Ku Roma kunali mlakatuli wotchedwa Propertius, wochokera ku Assisi, amene anakhala ndi moyo zaka zochepa Yesu asanabadwe. Ndakatulo zake zambiri ankalembera mkazi amene ankamutcha Cynthia. M'buku lake lachiwiri, ndakatulo ya 33, akuyamba ndi kudandaula kuti Cynthia wamutalikira masiku khumi chifukwa cha mwambo wopembedza mulungu wamkazi Isis. Kumapeto kwake akuti moto wa chikondi umayakira kwambiri wokondedwa amene palibe, ndipo mwamuna wopezekapezeka amatsika mtengo. Taonani kuti iye akudandaula masiku khumi, osati zaka zitatu.

Ku England nako ena analembapo zofanana Bayly asanabadwe. M'buku la Thomas Overbury la 1616 muli mawu oti kutalikirana kumanola chikondi, kukhala pamodzi kumachilimbitsa. James Howell, m'makalata ake amene anasindikizidwa cha m'ma 1650, anati mtunda nthawi zina umakometsa ubwenzi. Mawu oti "nthawi zina" amenewo ndimawakonda, chifukwa mwambi wa lerowu unawataya panjira.

Kondwani_Area25: Eya, "nthawi zina". Pamenepo ndiye tagwirizana aphunzitsi.

Mwana_waMtchona_Hwange: Ndiloleni ndilankhulepo ine wobadwira kuno ku Zimbabwe. Chichewa changa mundikhululukire, ndinachiphunzira kwa agogo. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, anayenda wapansi kudzera ku Tete, n'kudzapeza ntchito ku mgodi wa malasha wa Wankie, kumene lero timati Hwange. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi kumudzi. Kuno anakwatira agogo anga aakazi.

Munthu ameneyo sindinaonepo wina wokonda kwawo ngati iye. Madzulo aliwonse nkhani inali ya phiri la Dedza, ya mbatata za kachewere, ya dambo limene ankadyetsako ng'ombe. Gule akatuluka kukomboni iye ndiye anali patsogolo kuimba ng'oma. Anali ndi sutukesi yachitsulo pansi pa bedi, m'katimo bulangete latsopano ndi nsalu ziwiri, ankati ndi za mayi a kumudzi akadzapita. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Anamwalira sutukesi ili pomwepo, nsalu zitadyedwa ndi njenjete m'mapindiro.

Ndiye mukandifunsa ngati mtima wake unakula chikondi, ndiyankha kuti inde, unakula kwambiri. Koma mayi wa ku Dedza uja chikondi chimenecho sanachione, sanachifunde, sanachidye. Ndikaganiza za iye mtima umandipweteka, ngakhale kuti ine ndinabadwa chifukwa cha kutchona komweko.

NaBanda_waMponela: Achimwene a ku Hwange, mwandiliza. Chimene ndikuopa n'chimenecho.

Gogo_Nachisale: Mwana wanga NaBanda, ineyo ndinali mkazi wa munthu wogwira ntchito ku migodi, mdzukulu ndiye akundilembera apa. Amuna anga anapita ku Joni kawiri, ulendo uliwonse pafupifupi zaka ziwiri. Nthawi imeneyo kunalibe foni. Kalata ikabwera ndinkapita nayo kwa aphunzitsi a pasukulu kuti andiwerengere, ndiye mawu achikondi ungawauze bwanji munthu wina kuti akulembere? Tinkangoti chimanga chacha bwino, mbuzi yabereka, ana ali bwino. Iwo ankamva okha kuti ndikuwasowa.

Mu 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ku migodi ya ku Joni, itagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, amuna anga anali komweko ku migodi. Tinamva pawailesi. Milungu itatu sindinadye bwino mpaka kalata inafika. A Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ku migodiko, ndipo amuna anga atabwera sanapitenso. Anabwera ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa.

Chimene chinandigwira mtima zaka zonsezo n'choti ndinkadziwa mwezi wobwera. Kontirakiti inali ndi mapeto. Ndinkawerenga dzinja, ndinkati likapita ili ndi linalo abwera. Iwe vuto lako si mtunda ayi, vuto lako n'loti sanakuuze tsiku. Umufunse tsiku.

Chisomo265: Agogo, zikomo. Mawu amenewa ndawasunga.

Yamikani_Joburg: Agogo anena zoona koma tiyeni timvekonso mbali ya ife tili kuno. Anthu kumudzi amaganiza kuti tikudya bwino. Ine ndimagona m'chipinda chimodzi ndi anyamata atatu, ntchito ya m'munda wa maluwa kwa bwana, ndalama ikabwera theka lendi ndi thiransipoti, yotsalayo kumudzi. Kubwera pa Khrisimasi ndiye kuti basi yopita ndi yobwerera, katundu wa aliyense, ndiponso ukabwera chimanjamanja anthu amakuseka. Ena amalephera kubwera chifukwa cha manyazi, osati chifukwa choti aiwala.

Mjomba_waMangochi: Zoona. Ndipo katundu wotumiza pabasi masiku ano mtengo wake wakwera zedi. Ine mlamu wanga anatumiza firiji, ndalama yolipira pachipata inatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa firijiyo.

Yamikani_Joburg: Amjomba, zikatero bola kutumiza ndalama agule komweko. Ine ndinasiya zotumiza katundu wamkulu, wina anafika atasweka ndipo palibe anandibwezera.

Tadala_Leeds: Nanga ma bandulo a intaneti? Amayi ndimawagulira ine kuchokera kuno, koma netiweki kumudzi kwathu imagwira pachulu pokha kuseri kwa khola. Ndiye tikafuna kuonana pavidiyo amayi amakwera pachulu ndi ana awiri, dzuwa lili pamutu.

Wapampando_waGulu: Abale, za mabasi ndi ma bandulo zili ndi malo ake. Tibwerere ku funso la mayi NaBanda.

Mlakatuli_waKuLikuni: Ine chandivuta ndi kamasuliridwe. Pamwambapa tangoti "chikondi chimakula", koma liwu loti fonder silofanana ndendende ndi chikondi cha m'banja. Aphunzitsi mundikonze ngati ndalakwa. Ine ndimalimva ngati kukoma mtima kumene umamva ukakumbukira munthu kapena malo, kufewa kwa mumtima. Chichewa chili ndi mawu ake abwino kuposa. Tili ndi "kupukwa", kumene kumagwira mwana amayi ake akachoka, mpaka kukana kudya. Tili ndi "kusowa", limene limanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndikati ndakusowa, ndiye kuti palibe pamene ndikukuona, komanso ndikukufuna, monga mmene timasowera mchere m'nyumba. Mngelezi akufunika chiganizo chonse kuti anene zimene ife timanena ndi liwu limodzi.

Ndipo mwambi wathu woyandikira ndi uja woti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Koma wathuwu uli ndi chisoni mkati, chifukwa chitsime chaphwa kale. Wa Chingereziwu ukulonjeza kuti madzi akuwonjezeka.

Mphunzitsi_Wopuma: Simunalakwe. Ndiwonjezere kuti m'Chingerezi chakale liwu loti fond linkatanthauza wopusa, munthu wotayika nzeru. M'masewero a Shakespeare likupezeka ndi tanthauzo limenelo. Pang'onopang'ono linasanduka kukonda mopitirira muyeso, kenako kukonda mwachifatse monga tikulimvera lero. Pofika nthawi ya Bayly linali litafewa kale.

Za nyimbo ija, mwambi wathu woyandikira kwambiri ndi woti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndi mtima womwewo wa munthu ali m'chombo akuyang'ana kumbuyo.

Kondwani_Area25: Ndiye mwavomereza nonse kuti mwambiwu ndi wabodza pa nkhani ya banja?

Mphunzitsi_Wopuma: Ayi a Kondwani, sindinatero. Amene anayankha funso lanu bwino ndi Mfalansa wina, La Rochefoucauld, amene buku lake la mawu anzeru linatuluka koyamba mu 1665. Iye anati kutalikirana kumachepetsa chikondi chaching'ono n'kukulitsa chachikulu, monga mmene mphepo imazimitsira kandulo koma n'kukoleza moto. Aliyense amene anawotchapo tchire mwezi wa Okutobala akudziwa zimenezi. Mphepo yomweyo imene yakuzimitsira machesi katatu ndi imene ithamangitse moto mpaka kumunda kwa mnzako ukangogwira udzu.

Kondwani_Area25: Ndiye mukuti changa chija chinali kandulo.

Mphunzitsi_Wopuma: Sindingaweruze, mwana wanga, sindinalipo. Mwina kwa inu unali moto, kwa mnzanuyo kandulo. Zimapweteka kwambiri zikakhala choncho.

Gogo_Nachisale: Koma aphunzitsi, Mfalansa wanuyo anaiwala nkhuni. Moto ngakhale ukule bwanji, wopanda wosonkhezera umasanduka phulusa. Ine amuna anga ankatumiza kalata mwezi uliwonse, ngakhale ya mizere inayi. Mnzanga wina wa m'mudzi momwemo, amuna ake anapita limodzi ndi anga, analandira makalata awiri okha chaka choyamba, kenako zii. Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, ankhoswe anamumasula, anakwatiwa kwina. Mwamunayo anadzabwera tsitsi litayera, n'kumalira kuti ankamukonda masiku onse. Mwina ankanena zoona. Koma ankamukondera mumtima, mnzangayo ankagona ndi njala.

Katekisiti_waDedza: Baibulo nalo limagwira mbali zonse ziwiri. Miyambo 25:17 imati usapondeponde kawirikawiri m'nyumba ya mnzako, angatope nawe. Koma Miyambo 27:10 imati mnansi wapafupi aposa mbale wakutali. Ndipo kwa okwatirana, Paulo pa 1 Akorinto 7:5 akuti musamanane, koma mutagwirizana, ndiponso kwa kanthawi, kenako mukhalenso pamodzi. Pali kugwirizana, pali nthawi yodziwika. N'zimene agogo anena zija. Mayi NaBanda, ngati kukambirana awiri kukuvuta, ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi. Masiku ano ankhoswe amatha kuyankhula ndi munthu pafoni ali ku Cape Town komweko.

Tadala_Leeds: Chinanso chimene anthu sanena ndi tsiku lobwerera. Chaka chatha nditapita kutchuthi, mwana wanga wamng'ono anabisala kuseri kwa agogo ake, ankandiyang'ana ngati mlendo. Masiku atatu ankanditchula kuti "aunt a pafoni". Ine ndinali ndi mwana wa m'mutu mwanga, wa zaka ziwiri, wokonda kunyamulidwa. Ndinapeza wa zaka zisanu wokhala ndi nzeru zake. Munthu amene ukumusowayo amakhala akusintha iwe kulibe, ndipo umayenera kumudziwanso kachiwiri. Pamene tinayamba kuzolowerana, tchuthi chinali chitatha.

NaBanda_waMponela: Ndabweranso. Dzulo usiku ndinawaimbira. Sindinakalipe. Ndinawauza zimene aphunzitsi anafotokoza, kuti mawu aja anaimba ndi munthu ali m'chombo akupukwa kwawo, ndipo ndinawafunsa kuti, kodi inu mukupukwa? Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yadula. Kenako anandiuza zimene akhala akundibisira. Masiku amene anawadindira pachipata polowa anatha kalekale, mapepala ena alibe. Akuopa kuti akatuluka sadzaloledwa kulowanso, ndiye sukulu fizi ya ana idzachokera kuti. Akuti mawu a Chingerezi aja anawaona pa foni ya mnzawo, anawatumiza chifukwa anasowa chonena.

Sindikudziwa ngati ndakwiya kapena ndamva chisoni. Zaka zitatu ine ndimaganiza kuti kuli mkazi wina.

Yamikani_Joburg: Mlamu, zimene akuopazo n'zoona, si bodza. Chiyambire 2014 lamulo la kuno limati munthu amene wapitirira masiku ake, akamatuluka pachipata amamulemba kuti ndi wosafunika m'dziko muno. Ukapitirira masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapitirira kuposa pamenepo zaka zisanu. Anyamata ambiri atsekeredwa ndi zimenezi, kupita akufuna koma akudziwa kuti ndi ulendo wa njira imodzi. Muwauze asamadzitsekere yekha ndi nkhaniyi, ayankhule ndi anzawo a kumudzi amene ali nawo pafupi.

Gogo_Nachisale: Ndiye mukhale pansi muwerengere limodzi, mwana wanga. Ndalama zingati zikufunika kuti akabwera asabwererenso? Malata angati atsala, mpamba wa geni ndi wochuluka bwanji? Mukapeza nambala mwapeza tsiku.

NaBanda_waMponela: Agogo, tagwirizana kuti Loweruka akaweruka tidzaimbirane pavidiyo, ine ndi kope langa la kubanki m'khonde, iwo ndi pepala lawo. Nyumba yatsala mazenera atatu ndi pulasitala. Ndawauzanso kuti asanayambe za ndalama ayambe ayankhula ndi mwana, awerengere bambo ake ma a e i o u amene waphunzira sabata ino. Aphunzitsi, ngati mungathe munditumizire kumbali mizere inayi yomaliza ya nyimbo ija m'Chichewa, ndikufuna ndidzawawerengere.

Mphunzitsi_Wopuma: Ndikhala nayo pansi usiku uno, mayi. A Mlakatuli a ku Likuni, mundithandize pa liwu lija, ndikuganiza zoika "kupukwa".